Mbiri ya Phunziro la Kompyuta m'Sukulu za Sekondale za m'Chidikha cha Fodya cha Kasungu

Phunziro la kompyuta, limene pa mndandanda wa mayeso a MSCE limalembedwa kuti Computer Studies, ndi limodzi mwa maphunziro amene anabwera mochedwa kwambiri m'sukulu za sekondale za m'Malawi, ndipo mbiri yake m'boma la Kasungu singamveke bwino ngati munthu ayamba kuifotokoza kuchokera pa tsiku limene makina oyamba analowa m'kalasi. Ntchito zikuluzikulu zimene kompyuta imagwira ndi kusunga zolembedwa, kuwerengera ndi kutumiza uthenga, ndipo ntchito zimenezi zakhala zikugwiridwa m'chidikha cha Kasungu kwa zaka zoposa zana limodzi, poyamba m'mamishoni, kenaka m'maesiteti a fodya ndi m'misika yake. Chipangizo chogwirira ntchitoyo chakhala chikusintha, koma nkhani yoti ndani amene amaphunzitsidwa kugwira chipangizocho, ndipo ndani amene amangolembedwa m'buku la mnzake, yasintha pang'ono kwambiri. N'chifukwa chake mbiri ya phunziroli iyenera kuyendera limodzi ndi mbiri ya fodya, amene wakhala akulipira fizi za ana, kukopa anthu ochokera kutali ndi kusiyanitsa mabanja olemera ndi osauka m'derali.

Sukulu zoyamba za ku Kasungu zinabwera ndi mishoni ya Livingstonia, imene inatsegula siteshoni yake ku Chilanga cha m'ma 1900 pansi pa Dr George Prentice, ndipo siteshoniyo inadzaperekedwa m'manja mwa mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1920. Mnyamata amene wachita bwino m'sukulu za m'midzi ankatha kutumizidwa ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, ndipo kumeneko, pambali pa uphunzitsi, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku, ena ankaphunzira ukalaliki ndi telegalafu, imene inali njira yotumizira mawu pa waya pogogoda zizindikiro zazifupi ndi zazitali. Waya wa kampani ya African Transcontinental Telegraph unadutsa m'mbali mwa nyanja, ku Nkhotakota mpaka ku Karonga, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo unkafuna anyamata odziwa kuwerenga, kulemba ndi kusunga nthawi. Awa ndiwo anali maphunziro oyamba a zipangizo zotumizira uthenga m'dziko lino, ndipo anafika kwa anthu owerengeka, amene ambiri mwa iwo anakagwiritsa ntchito luso lawo m'migodi ndi m'maofesi a ku Rhodesia ndi ku South Africa, popeza kwawo kunalibe ntchito zokwanira. Sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko lonse inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, patali ndithu ndi Kasungu.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kunali ku Kasungu komweko, linaika mtima pa ulimi wa m'maesiteti, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970 nkhalango zambiri za m'chidikhachi zinasanduka minda ya fodya. Bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi kulima fodya woumitsa ndi kutentha kodutsa m'mapaipi, makampani a Press Farming ndi General Farming anatsegula maesiteti akuluakulu, ndipo lamulo la Special Crops Act linkachititsa kuti fodya wa burley, amene amaumitsidwa ndi mphepo m'zigafa, akhale wa eni maesiteti okhala ndi chilolezo, osati wa mlimi wamba wolima pa malo a makolo ake. Ntchito yambiri inkagwiridwa ndi matenanti. Tenanti ndi munthu amene amapatsidwa gawo la munda pa esiteti kuti alime fodya pamodzi ndi banja lake, nagulitsa fodya yenseyo kwa mwini esiteti pa mtengo umene mwiniyo waika, ndipo ambiri mwa anthu amenewa ankachokera m'maboma a kumwera kumene malo olima anali atachepa.

Moyo wa tenanti unkakhala m'buku la kalaliki. M'bukumo munkalembedwa ndowa za chimanga zimene banja lalandira pa ngongole, mchere, feteleza, khasu, ngakhale ndalama yopitira kuchipatala, ndipo pakutha pa nyengo, fodya atasokedwa, kupachikidwa m'chigafa, kusankhidwa m'magiredi ndi kukwezedwa pa sikelo, kalaliki ankachotsa ngongole yonse pa mtengo wa fodyayo n'kulengeza chotsala. Tenanti wosadziwa kuwerenga analibe njira yotsimikizira ngati manambalawo anali oona, ndipo mabanja ena ankamaliza chaka chonse ali opanda kanthu m'manja kapena ali ndi ngongole yodikira chaka chamawa. Ana awo ankajomba kusukulu pa nthawi yothyola ndi kusoka fodya, motero luso limene likanawathandiza kufunsa za bukulo linkawadutsa. Aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chimene luso la manambala ndi zolembedwa lili nkhani ya chilungamo ku Kasungu ayenera kuyambira pa buku limeneli.

M'chidikha chomwechi, ku Mtunthama, kumene Kamuzu anaphunzirako ali mwana, kunatsegulidwa sukulu ya Kamuzu Academy mu 1981. Sukuluyi inkatenga ana okhoza kwambiri kuchokera m'maboma onse a dziko lino, inkawaphunzitsa mwaulere, ndipo aphunzitsi ake anali ochokera kunja, makamaka ku Britain, pamene Chilatini ndi Chigiriki anali maphunziro amene aliyense ankayenera kutenga. Chaka chomwecho cha 1981 n'chimene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya pa desiki ku America, ndipo ku Britain kunatuluka makina a BBC Micro amene anafala m'sukulu za kumeneko m'zaka zotsatira. Zimenezi zikusonyeza kuti pamene maiko ena ankayamba kuika makompyuta patsogolo pa ana a sukulu, chithunzi cha munthu wophunzira chimene mtsogoleri wa Malawi anali nacho chinali cha katswiri wa ziyankhulo zamakedzana ndi malamulo. Sikuti maphunziro amenewo anali achabe, pakuti sukuluyi yatulutsa madokotala, maloya ndi akatswiri a sayansi ambiri. Chimene chiyenera kutchulidwa n'chakuti chuma chochuluka chinaunjikidwa pa sukulu imodzi, pamene ana a m'midzi yoizungulira ankalimbirana malo ochepa a m'sekondale zina. Ulamuliro utasintha mu 1994, sukuluyi inakhala yolipiritsa, ndipo ophunzira ake amalemba mayeso a Cambridge, osati a MSCE, kotero kuti njira yawo yophunzirira zamakono ndi yosiyana ndi ya anansi awo.

M'nthawi ya chipani chimodzi uthenga unkayenda mopanikizika. Wailesi inali imodzi, ya MBC, wailesi ya kanema kunalibe mpaka 1999, mabuku ankadutsa m'manja mwa bungwe lowaunika limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo lamya zinkapezeka ku positi ofesi, m'maofesi a boma ndi m'nyumba za anthu ochepa. Makompyuta amene analipo anali m'mabanki, m'makampani akuluakulu ndi m'maofesi ena a boma ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wachinyamata wa ku Kasungu wofuna ntchito ya mu ofesi ankaphunzira kutayipa pa makina a riboni m'sukulu za usekilitale, ndipo luso limeneli linkaonedwa ngati la atsikana.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa kusintha kungapo nthawi imodzi. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima burley, ndipo m'zaka zochepa makalabu a alimi anayamba kutumiza mabelo awo ku okushoni, kumene fodya amagulitsidwa kwa wogula amene wapereka mtengo woposa anzake. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana amenewa ankafunika sekondale, choncho mu 1998 malo ophunzirirako a Malawi College of Distance Education, amene anthu ankangowatchula kuti ma DEC, anasandutsidwa sukulu zoyendera za ma CDSS. Sukulu zambiri zoterezi zinayamba ndi midadada yomangidwa ndi makolo, aphunzitsi amene anaphunzitsidwa kuphunzitsa ku pulayimale, ndipo zinalibe laibulale, chipinda cha sayansi kapena magetsi. Pa nthawi yomweyo kampani ya TNM inayamba mafoni a m'manja chapakati pa zaka khumizi, Celtel inabwera mu 1999, intaneti inayamba kugulitsidwa kwa anthu ndi MalawiNet mu 1997, ndipo lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA loyang'anira zofalitsa mauthenga. Ana ambiri a alimi a fodya analowa sekondale kwa nthawi yoyamba pamene dziko linkalumikizidwa ku intaneti, koma analowa m'sukulu zimene sizinali zokonzeka kulandira makina alionse.

Nkhani ya William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, imaonetsa bwino mmene zinthu zinalili pa nthawiyo, ndipo ndi yoyenera kuifotokoza mwatsatanetsatane ngakhale kuti si nkhani ya phunziro la kompyuta mwachindunji. Kamkwamba anabadwa mu 1987 m'banja lolima chimanga ndi fodya, ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya Kachokolo, koma njala ya 2001 ndi 2002, imene inakantha boma la Kasungu koopsa, inachititsa kuti makolo ake alephere kulipira fizi. Atasiya sukulu, ankapita ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, kumene anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, ndipo potsatira zithunzi zake kuposa mawu ake a Chingerezi, anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Zipangizo zake zinali dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki amene anawaphwatalitsa pa moto, ndi milongoti ya bulugama, ndipo zitsulo zambiri anazitola pa malo otayirako zida zakale za esiteti ya fodya pafupi ndi sukulu imene inamubweza. Magetsi amene anapanga anayatsa mababu m'nyumba ya makolo ake, ndipo anthu a m'mudzimo anayamba kubwera kudzatchaja mafoni awo.

Nkhaniyi inalembedwa m'nyuzipepala ya Daily Times chakumapeto kwa 2006, inafalikira pa intaneti, ndipo mu June 2007 Kamkwamba anaitanidwa ku msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania. Kumeneko n'kumene anagwiritsa ntchito intaneti kwa nthawi yoyamba, ali ndi zaka 19, napeza kuti zonse zimene anazivutikira kwa miyezi yambiri zinalembedwa kale m'masamba osawerengeka. Pambuyo pake anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg ndi ku Dartmouth College ku America, kumene anamaliza mu 2014, ndipo buku la moyo wake la 2009 ndi kanema wa 2019 zinadziwitsa dziko lonse za Wimbe. Anthu ambiri amaitenga nkhani imeneyi ngati umboni wakuti mwana wanzeru amadzipezera yekha njira, koma kawerengedwe kotere kamabisa mbali yofunika. Mnyamata amene anatha kumvetsa kayendedwe ka magetsi kuchokera m'zithunzi anakhala zaka zisanu kunja kwa kalasi chifukwa cha fizi, ndipo ana ena a msinkhu wake amene anasiya sukulu m'njala yomweyo sanabwererenso.

Phunziro la kompyuta linalowa m'silabasi ya sekondale m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 ngati phunziro losankha, kutanthauza kuti sukulu imaliphunzitsa ngati ili ndi zoyenereza, ndipo wophunzira amalitenga ngati wafuna. Silabasi imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso amakonzedwa ndi bungwe la MANEB limene linakhazikitsidwa mu 1987, ndipo silabasi yokonzedwanso imene inayamba kugwira ntchito mu 2015 inalisiyabe phunziroli m'gulu la maphunziro osankha. Wophunzira wa Fomu 3 ndi Fomu 4 amayembekezeka kudziwa ziwalo za kompyuta ndi ntchito zake, kulemba ndi kukonza makalata, kugwiritsa ntchito spreadsheet, imene ndi tsamba la mizere ndi timabokosi lowerengera lokha manambala amene munthu walowetsa, kusanja zolembedwa zambiri mu database kuti zizipezeka msanga, kumvetsa mmene makompyuta amalumikizirana pa netiweki, ndiponso chiyambi cha kulemba mapulogalamu, ndiko kupatsa makina malangizo otsatizana oti achite. Mayeso ake ali ndi mbali yolemba pa pepala ndi mbali yochita pa makina, ndipo mbali yachiwiriyi ndi imene yakhala ikugawa sukulu za m'boma la Kasungu pawiri.

Sukulu zogonera komweko ndi zamishoni zimene zili pafupi ndi tawuni ndi nthambo za magetsi, monga mtundu wa sukulu ya Loyola imene a Jesuit anatsegula ku Kasungu mu 2015 mogwirizana ndi boma, ndizo zimene zingathe kukhala ndi chipinda cha makompyuta ndi kuchisamalira. Sukulu yoyendera ya kumudzi imakumana ndi zovuta zina. Kumene phunziroli layesedwa popanda makina okwanira, mphunzitsi amajambula kiyibodi pa bolodi, ana amakopera m'makope mwawo masitepe osungira chikalata, naloweza maina a mabatani amene zala zawo sizinawakhudzepo, ndipo tsiku limene alowa m'chipinda cha makina, ana angapo amaunjikana pa kompyuta imodzi, mmodzi akugwira, enawo akuyang'ana. Kawirikawiri wogwirayo amakhala mnyamata, ndipo mtsikana amene wayenda makilomita angapo atatunga kale madzi m'mawa amakhala kumbuyo. Kuphunzira kotere kumabala mwana wodziwa kufotokoza chimene kompyuta ili, koma wosatha kuigwiritsa ntchito, ndipo cholakwa sichikhala cha mphunzitsi kapena cha mwanayo.

Palinso kawerengedwe ka mapointi. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo posankhira anthu ku yunivesite amaphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wophunzira wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, kotero kuti mapointi ochepa ndiwo abwino. Wophunzira wa Fomu 3 amene akudziwa kuti magetsi angazime pa tsiku la mayeso, kapena kuti mphunzitsi yekhayo wodziwa phunziroli angasamutsidwe chaka chisanathe, amasankha Agriculture, Bible Knowledge kapena Geography, maphunziro amene buku ndi kope zimakwanira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndipo makolo amene agulitsa mabelo kuti mwana afike Fomu 4 sangamulimbikitse kuika tsogolo lake pa phunziro losadalirika. Aphunzitsi nawonso ndi osowa, chifukwa munthu amene waphunzira bwino za makompyuta amapeza ntchito yolipira bwino m'banki, m'kampani ya mafoni kapena m'bungwe lomwe si la boma, ndipo m'sukulu zambiri phunziroli limapatsidwa kwa mphunzitsi wa masamu kapena wa sayansi amene anadziphunzitsa yekha.

Makina ambiri amene anafika m'sukulu za boma sanagulidwe ndi boma koma anabwera ngati mphatso, atagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya. Bungwe la The Turing Trust la ku Scotland, limene linakhazikitsidwa ndi achibale a Alan Turing, katswiri wa masamu amene maganizo ake ali pa maziko a sayansi ya makompyuta, lakhala likugwira ntchito m'Malawi kuyambira 2016 pamodzi ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu, poyamba m'chigawo cha kumpoto, kenaka n'kufalikira m'chigawo chapakati. Chimene mabungwe otere anaphunzira n'chakuti kupereka makina ndi gawo laling'ono la ntchitoyo, chifukwa fumbi la m'chilimwe limalowa m'makina, magetsi obwera mwamphamvu akazima amaotcha zipangizo, mawindo amafuna zitsulo zotchingira akuba, ndipo kompyuta imene yawonongeka pa sukulu yakutali imatha kukhala pa kona teremu yonse podikira wokonza. MACRA nayo inayesa njira ya malo a m'midzi ogwiritsirapo ntchito makompyuta ndi intaneti, ndipo amodzi mwa malo oyambirira otere anali a Vikwa m'boma la Kasungu.

Pansi pa zonsezi pali nkhani ya magetsi. Kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko lonse ndi oposa 800,000 m'boma la Kasungu, anasonyeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali ndi Kasungu, ndipo namondwe wa Ana ataononga malo a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, motero ngakhale sukulu zolumikizidwa ku ESCOM zinkakhala maola ambiri mumdima. Kutsika mtengo kwa zipangizo za sola ndiko kwayamba kusintha zinthu, pakuti laputopu ndi tabuleti zimadya magetsi ochepa poyerekeza ndi makompyuta akale a pa desiki.

Pamene sukulu zinkayenda pang'onopang'ono chonchi, malonda a fodya sanadikire. Msika wa Chinkhoma, umene uli m'boma la Kasungu ndipo ndi umodzi mwa misika inayi ya fodya pamodzi ndi Limbe, Kanengo ndi Mzuzu, umayendera manambala osungidwa m'makompyuta. Mlimi amalembetsa ku Tobacco Commission, napatsidwa nambala ndi mlingo wa makilogalamu amene waloledwa kugulitsa, belo lililonse limakhala ndi tikiti yake, ndipo ndalama zimalowa ku banki zitachotsedwa kale zolipira msika, zonyamulira, misonkho ndi ngongole ya zipangizo. Kuyambira mu 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, amene alangizi awo amalemba za munda ndi banja la mlimi aliyense, ndipo kalondolondo ameneyu anakula pambuyo poti dziko la America laika chiletso pa fodya wa Malawi mu November 2019 chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa kuti lithetse utenanti. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsedwa ziphaso za unzika zokhala ndi zidindo za zala, ndipo kuyambira mu 2020 feteleza wotsika mtengo wa ndondomeko ya AIP ankagulidwa pojambula chiphasocho ndi foni, kotero kuti netiweki ikavuta, alimi ankagona pa mzere.

Buku la kalaliki lija tsopano lili m'makina, ndipo mlimi amalandira pepala losindikizidwa lokhala ndi mizere ya magiredi, mitengo ya m'madola, mtengo wosinthira ndalama ndi zochotsera. Mwana wa Fomu 4 amene waphunzira spreadsheet pa makina enieni angathe kulowetsa manambala a pepalalo, kuwerengera zimene bambo ake anawononga kuyambira pa nazale mpaka pa jeke yodindira mabelo, n'kuona ngati mgwirizano wa chaka chimenecho unabweretsa phindu kapena ngongole. Angathenso kusunga mabuku a kalabu ya alimi kapena a banki m'khonde mwadongosolo loti aliyense aone. Phindu limeneli ndi lapafupi kwambiri kuposa malonjezo a ntchito za m'mizinda amene kawirikawiri amatchulidwa pa miyambo yolandirira makompyuta, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zitsanzo za m'kalasi sizitengedwa kawirikawiri kuchokera ku pepala la ku okushoni limene lili m'nyumba za ophunzira ambiri.

Mu June 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu malo oyeserapo madroni, ndege zing'onozing'ono zouluka popanda munthu mkati, ndipo malowa, amene amafika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwaloli, anali oyamba a mtundu wake mu Africa pa ntchito zothandiza anthu. Mu November chaka chomwecho droni yotchedwa EcoSoar, imene inakonzedwa ndi akatswiri a ku Virginia Tech ndi kumangidwa ndi ophunzira achimalawi, inauluka makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kufika pa bwalo la ndegelo itanyamula katundu woyerekezera magazi opita kukayezedwa. Ntchito imeneyi inabala sukulu ya African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu January 2020 mogwirizana ndi Malawi University of Science and Technology. Khomo lolowera maphunziro otere limadutsa pa masamu, sayansi ndi luso la kompyuta la ku sekondale, choncho mwana wa ku sukulu yoyendera amene ankaona ndegezo zikudutsa pamwamba pa zigafa za kwawo anali ndi mwayi wochepa wodzaziyendetsa.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa poyera kukula kwa mpata umenewu. Sukulu zinatsekedwa pa 23 March 2020, ndipo olemba mayeso anabwerera mu September. Unduna wa Zamaphunziro unaika notsi za sekondale pa intaneti ndipo maphunziro a pulayimale ankaulutsidwa pa wailesi, koma m'midzi ya Kasungu foni yotha kutsegula intaneti kawirikawiri inali imodzi pa banja kapena panalibiretu, ndipo miyezi yotsekerayo inagwera pa nthawi yokolola ndi yogulitsa fodya, pamene manja a mwana aliyense amafunika. Chaka chomwecho, mu November, mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa ndi kufalitsidwa pa mafoni, ndipo analembedwanso mu January 2021. Chochitika chimenechi chinalimbitsa maganizo a aphunzitsi ndi makolo amene amaona foni ngati mdani wa sukulu, ngakhale kuti foni yomweyo, imene yakhala ikutumiza ndalama kudzera pa Airtel Money kuyambira 2012 ndi pa Mpamba kuyambira 2013, ndiyo kompyuta yokhayo imene ana ambiri a m'chidikhachi anaigwirapo.

M'zaka zaposachedwa boma layamba kuchitapo kanthu mokulirapo. MACRA, pogwiritsa ntchito thumba la Universal Service Fund limene makampani a mafoni amasonkhamo, inayambitsa ntchito ya Connect a School yomanga zipinda za makompyuta m'sukulu zoyendera, ndipo mu September 2023 kunayamba ndondomeko ya BEFIT, imene ikupereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, okhala ndi mapulogalamu a bungwe la onebillion ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Chaka chomwecho Malawi analowa m'pangano la World Health Organization lochepetsa kusuta fodya, chimene chili chizindikiro chakuti mbewu imene kwa zaka zambiri yabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja singadaliridwe mpaka kalekale, ndipo alimi ena a ku Kasungu ayamba kale kutembenukira ku soya ndi mtedza. Ngati zaka za pulayimale zikhalabe zisanu ndi zitatu, mwana amene anagwira tabuleti ali Sitandade 1 mu 2023 adzafika Fomu 1 mu 2031 ndi Fomu 3 mu 2033, ndipo ambiri mwa ana amenewa adzapita ku sukulu zoyendera. Mphunzitsi wa sekondale amatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti amalize maphunziro ake ku Domasi, ku Nalikule kapena ku yunivesite, choncho aphunzitsi amene adzalandire ana amenewa ku Wimbe, ku Santhe ndi ku Chulu ayenera kulowa m'makoleji zaka za m'ma 2020 zisanathe, ndipo nyumba zawo, magetsi a sukulu zawo ndi ndalama zokonzetsera makina ziyenera kulowa m'bajeti ya boma nthawi yomweyo.